Mlendo Amene Ndinaitanira Amuna Anga

1

Anthu a mu Ashby Mills akafuna kudziwa amene wasudzulidwa, amene wapatsidwa mimba, kapena amene wagona kupolisi chifukwa choyendetsa galimoto ataledzera, sataya nthawi ndi nyuzipepala. Amabwera kusaluni kwanga kudzakonzetsa tsitsi. Ine Loretta Pavlik ndinkadziwa za m'nyumba mwa aliyense, kuyambira kutsidya kwa njanji mpaka kufakitale yazitsulo imene inatsekedwa ija, ndipo ndinkadzitama kuti palibe nkhani ingandiphonye. Ndiye sekani ndithu, ndakulolani. Nkhani yaikulu kuposa zonse m'tauni muno inkagona pabedi langa, kumandilanda bulangete, ine osadziwa ngakhale pang'ono.

Amuna anga, a Glenn, ndi munthu wa mawu ochepa. Amakonza makina otenthetsera m'nyumba, ndipo akaweruka amavula nsapato, kusamba m'manja, n'kukhala pansi kuti ine ndiyankhule. Anthu ankati tinakwanirana. Ine ndinkauza makasitomala kuti chinsinsi cha banja lathu ndi kucheza. Pano ndikamakumbukira ndimaona kuti wochezayo ndinali ndekha.

Zinthu zinayamba kusokonekera mu Januwale, kutatsala miyezi iwiri kuti akwanitse zaka makumi asanu. Munthu amene ankamaliza mbale yake n'kumasuzumira ya mnzake anayamba kusiya chakudya. Foni ikalira ankatuluka nayo panja, kuzizira konse kuja, osavala ndi jekete yomwe. Lachinayi lililonse masana ankasowa. Tsiku lina foniyo inalira iwo ali kubafa, ine n'kungoponyako diso, mwangozi ndithu, ndipo ndinaona dzina: Yolanda.

Yolanda! M'tauni mwathu mulibe Yolanda. Akanakhalamo bwenzi nditamupesapo kale.

"Ndi fifite imeneyo, mnzanga," anatero Marcy, mutu uli musinki. Marcy Dudek ndi mnzanga chiyambire kupulaimale, ndipo amuna ake, a Duane, anali timu imodzi ndi a Glenn kusekondale. "Mwamuna akafika pamenepo mutu umazungulira. Anga aja unawaona wekha. Phwando lawo litangotha anayamba mowa, mpaka lero botolo silichoka m'manja."

"Bola akowo ndi botolo. Anga ndi Yolanda."

"Ndiye utani? Uwafunsa?"

"Ndiwafunse kuti andiyankhe? Ayi. Ndiwakumbutsa kuti ali ndi mkazi. Ndiwakonzera phwando loti tauni ino idzasimbira adzukulu."

Nzeru zanga zinathera pamenepo, abale. Banja likugwa, ine n'kumaganiza za mabaluni.

2

Kwathu kuno masewera ogwetsana pansi ndi tchalitchi chachiwiri. Fakitale itatsekedwa, chimene chinatsala choti tizinyadira ndi zikho zimene anyamata a pasukulu yathu ankabwera nazo, ndipo amene ankawaphunzitsa anali a Kochi Harlan Stroud. Dzina lawo linalembedwa pamwamba pa khomo la holo ya masewera kusukuluko. Ukochiwo anausiya mwadzidzidzi, akuti msana, ndipo a Glenn ndiwo anali wamng'ono kwambiri mu timu yawo yomaliza.

A Kochi anali ndi mwambo umene tonse tinkaukonda. Aliyense mwa "anyamata awo" akamakwanitsa zaka makumi asanu, iwo ankafika paphwando, pa tsiku lenileni lobadwalo, osaphonya. Ankabwera ndi ndodo yawo, atavala jekete yakale ya timu, n'kumugwira mwini phwandoyo kumbuyo kwa khosi monga ankachitira mnyamata asanalowe m'bwalo, n'kumunong'oneza kenakake. Ziphona za amuna zinkagwetsa misozi. Ife akazi tinkadzigwira pamtima n'kumati, "Koma ndiye chikondi!" Paphwando la a Duane ndinalira mpaka zopaka m'maso zinayenderera m'masaya.

Vuto langa linali holo. Maphwando onse kuno timachitira kuholo ya ozimitsa moto, ndipo Loweruka limene linali tsiku lobadwa la a Glenn inali itatengedwa kale ndi ukwati. Ndinatenga Loweruka linalo, sabata imodzi tsikulo lisanafike. Kenako ndinaimbira a Kochi, ndipo podziwa kuti pa tsiku lina safika, ndinawanamiza kuti limenelo ndiye tsiku lobadwalo.

"Ine ndimayesa mnyamata ameneyo ndi wa kumapeto kwa mwezi," anatero.

"Aaa, a Kochi, mungawadziwe kuposa ine mkazi wawo? Ukalamba umenewo!"

Anaseka. "Mwina ndi ukalambadi, mwana wanga. Ndiye kuti lafika msanga. Ndibwera, sindingaphonye. Ameneyo ndiye womaliza."

Ndinaika foni pansi ndikudziona wochenjera kuposa aliyense m'dziko.

A Glenn anali atandipempha kale. "Retta, chaka chino usandipangire phwando. Chonde." Ine ndinangoti ndi manyazi awo a masiku onse. Ndiye m'mawa wina, ndikukazinga mazira, anaima pakhomo la khitchini chipewa chili m'manja.

"Retta, pali nkhani ndikufuna ndikuuze. Takhala pansi."

Ndinati basi, ndi ya Yolanda iyi, akufuna kundisiya. Ndiye ndinachita chimene ndimachidziwa bwino. Ndinayamba za mpope wa kubafa umene ukudontha, n'kulumphira kwa mwana wathu Paige amene chipitireni kukoleji saimba foni, n'kudzafika pa galu wa aneba. Ndinalongolola mpaka mazira anapserera. A Glenn anandiyang'ana nthawi yaitali, anavala chipewa chawo, n'kupita kuntchito. Ine ndinapumira m'mwamba, n'kumati ndapulumutsa banja tsiku linanso.

3

Lachinayi la sabata ya phwandolo ndinabwereka galimoto ya Marcy, kumanga duku, kuvala magalasi akuda kunja kulibe ndi dzuwa lomwe, n'kutsatira pikapu ya a Glenn. Mayi wamkulumkulu ngati ine! Anakaima palesitilanti ina m'tauni yoyandikana nafe. Ndinalowa mozemba n'kukakhala pakona, nkhope nditabisa kuseri kwa pepala la zakudya.

Mkaziyo anali wa msinkhu wanga, tsitsi lalifupi losasamalidwa n'komwe, nsapato zafulati ngati za nesi. Zimenezo zinandipweteka kwambiri. Akanakhala kamtsikana kokongola bwenzi nditamvetsako. Ankayankhula motsitsa, a Glenn akupukusa mutu. Kenako amuna anga anaphimba nkhope ndi manja onse awiri, mapewa akugwedezeka. Zaka zonse za ukwati wathu sindinawaonepo akulira, ngakhale pa maliro a mayi awo. Lero akulirira Yolanda!

Iwo atangotuluka ndinadzambatuka n'kukakhala pampando umene anasiya, ukadali wofunda.

"Ndiwe Yolanda?"

"Ndinu mayi Pavlik," anatero, osadzidzimuka. "Ndinakuonani mukulowa. Magalasiwo mukhoza kuvula."

"Ulibe manyazi iwe? Mwamuna wa mwini, wa ukwati wa kutchalitchi, bambo wa mwana! Kwanuko amuna anatha?"

Anthu a matebulo ena anasiya kutafuna. Ndinamuuza zambiri, zina sindingazilembe m'magazini ino. Iye ankangomwa khofi wake, kudikira kuti mpweya undithere.

"Mayi, palibe chimene ndingakuuzeni, si nkhani yanga. Koma ndikupempheni chinthu chimodzi. Mukawafunse amuna anu. Mukafunse kamodzi kokha, kenako mukatseke pakamwa mpaka atamaliza. Ndipo musachedwe, nthawi alibe."

Poimirira jekete yake inatseguka, ndipo ndinaona mfuti ndi baji ya polisi palamba. Mukuganiza kuti ndinazindikira kanthu? Olo pang'ono. Ndinabwerera kwathu ndikutukwana ndekha m'galimoto ya mwini. "Asankha wapolisi dala kuti ndisamumenye! Ndipo iye akufulumizitsa chisudzulo changa ngati ndi basi yoti imusiya!"

Sindinawafunse a Glenn. Ndinakakanda ufa wa mapierogi, tizitumbuwa toika mbatata m'kati, tokadyera paphwando.

4

Loweruka masana holo inadzaza. Ndinamanga mabaluni akuda paliponse monga timachitira munthu akafika fifite, matebulo atadzaza soseji, kabichi, mapierogi ndi mowa. Paige anabwera kuchokera kukoleji. A Kochi ndinawaika patebulo la kutsogolo, pampando wa khushoni. Iwo atangolowa, a Duane ananyamula botolo lawo n'kutuluka panja.

"Amuna akowa ulemu unawathera," ndinamunong'oneza Marcy.

"Ndakuuza, ndi mowa," iye anatero.

Mkulu wa ozimitsa moto ndiye anaimbira a Glenn kuwanamiza kuti makina otenthetsera muholo afa. Atalowa ndi bokosi lawo la zipangizo, tonse tinakuwa n'kuyamba kuimba. Anaima chilili pakhomo. Maso awo anayendayenda mpaka anakaima pa jekete yakale ija, ndipo nkhope yawo inatuwa. Ine ndinamugunda Marcy ndi chigongono. "Taona, zawakhudza."

A Kochi anapatsidwa maikolofoni. Anasimba za kamnyamata kowonda, kamene bambo ake anali atangomwalira, kamene iwo anakatenga ngati mwana wawo. Anthu anaomba m'manja, ine kuposa onse. Kenako anawakodola a Glenn n'kuwagwira kumbuyo kwa khosi. Amuna anga, bambo wa thupi lonse lija, anafota pansi pa dzanja la nkhalamba. Anadzimasula n'kulowera kukakhonde ka kuseri, ndipo a Kochi anawatsatira, ndodo ikuti go, go, go.

Ine ndinathamangira kukhitchini kukayatsa makandulo. Khitchiniyo ili ndi chitseko chotulukira m'kakhonde komweko, ndipo chinali chotseguka pang'ono. Ndinanyamula keke kuti ndikawadzidzimutse kachiwiri, ndipo ndinamva a Kochi akuyankhula. Sanali mawu a pamaikolofoni aja.

"Wathawiranji? Zatha, mnyamata wanga. Wakhala chete bwino, ngati anzako onse. Kuyambira lero palibe wapolisi, palibe khoti limene lingandifunse za iwe, ngakhale utakalira pakhomo pawo. Unali womaliza. Tiye tikadye keke."

Phula la makandulo linkadonthera pakeke.

"Lero si tsiku langa lobadwa," anatero a Glenn. "Ndi Loweruka linalo."

"Ukunama. Mkazi wako anandiuza yekha."

Anatembenuka onse awiri n'kundiona nditaima pakhomo, keke ili m'manja, makandulo akuyaka. Ndikanakonda ndikanakuuzani kuti ndinaimenyetsa kumaso kwa nkhalambayo. Marcy amauza anthu choncho, ndipo sindimutsutsa. Koma zoona zake n'zakuti mutu unali usanagwire, pakamwa panathamanga pokha monga mwa masiku onse, ndipo ndinati:

"Pepani a Kochi, holo inali itatengedwa ndi ukwati."

Ndinapepesa, abale. Ine, kwa munthu ameneyo.

5

A Glenn anatulukira khomo la kuseri. Ndinaika keke pasimenti n'kuwathamangira. Ndinawapeza m'pikapu, injini yozima, manja onse ali pachiwongolero. Ndinalowa mbali inayo. Mawu anali atadzaza m'kamwa mpaka m'masaya, koma ndinakumbuka mayi wamfuti uja.

"Bambo a Paige, munthu uja anakuchitani chiyani?"

Kenako ndinakhalira manja anga n'kutseka pakamwa. Kubereka Paige sikunandivute chonchi.

Zinawatengera nthawi. Muholo munkamveka nyimbo ndi kuseka kwa anthu amene ndinawaitana ndekha.

"Ndinali ndi zaka khumi ndi zinayi," anatero, akuyang'ana kutsogolo. "Tikamaliza masewera ankandiperekeza kunyumba pagalimoto yake, amayi n'kumathokoza. Ankandigwiririra, Retta. Chaka chonse chija. Sindinali ndekha, koma sitinkafunsana. Tinkangodziwana ndi maso."

Misozi inkatsikira m'khosi mwanga.

"Yolanda Teague ndi wapolisi wofufuza milandu ya ana. Ndinapitako ndekha mu Januwale. Lamulo la kwathu kuno limati munthu amene anachitidwa zoterezi ali mwana, mlandu wake ufike kukhoti asanakwanitse zaka fifite. Tsikulo likangokwana, basi, chitseko chatsekedwa, ngakhale wolakwayo atavomera pamsika. N'chifukwa chake amabwera pamaphwando aja. Amabwera kudzaonerera chitseko chikutsekedwa."

Ndinakumbuka phwando la a Duane, ine ndikulira chifukwa cha chikondi cha a Kochi. Ndinatsegula chitseko cha pikapu n'kusanza pachipale chofewa chimene chinkasungunuka.

"Zonse ndinanena kale, analemba. Chatsala n'kukalumbira ndi kusaina. Ndinamuuza Yolanda kuti sindisaina mkazi wanga asanamve kuchokera pakamwa panga. Ndakhala ndikuyesa, Retta. Koma iwe supereka mpata."

Sanakweze mawu. Bola akanakalipa.

"Ndinakupempha kuti usapange phwando. Khirisimasi iliyonse umandituma kukamusiyira mapierogi pakhomo pake. Ndimakaima pamlatho n'kuwakhuthulira mumtsinje, n'kudzakuuza kuti wathokoza."

Ndinadikira mpaka ndinatsimikiza kuti amaliza. "Ndiye mukasaina?"

"Sindikudziwa. Paige adzamva. Tauni yonse idzandiloza chala. Lero atandigwira pakhosi ndinasandukanso kamwana kaja." Analiza injini. "Tsika. Ndikagona kushopu kwanga masiku angapo. Ndikufuna pamalo pa phee."

Pamalo pa phee, kutanthauza popanda ine. Ndinatsika, ndipo pikapu inachoka ndikuyang'ana. Miyezi iwiri ndinkaopa kuti mkazi wina andilanda mwamuna, osadziwa kuti wondilandayo ndi pakamwa panga pomwe.

6

Alendo ndinawauza kuti a Glenn m'mimba mwawapotokola. Paige ndinamuuza kuti nkhaniyi adzamuuza bambo ake okha, ndipo anandiyang'ana ngati wamva chinenero chachilendo. Lolemba saluni inadzaza ndi anthu amene tsitsi lawo linalibe vuto lililonse.

"Akuti mwayambana chifukwa cha mkazi wapolisi?"

"Akuti a Kochi anachoka osalawa keke, akunjenjemera?"

"Weramutsani mutu," ndinkangotero. Ine Loretta, nkhani yaikulu chonchi ili m'kamwa, n'kumangoti weramutsani mutu. Mayi wina anandifunsa ngati ndazulitsa dzino.

Sabata imeneyo ndinavutika kuposa nthawi ina iliyonse m'moyo wanga. Foni ndinkaitenga n'kuisiya. Ndinkafuna kuwakumbutsa kuti masiku akutha, ngati kuti iwo sakudziwa. Ndinkafuna kupita ndekha kupolisi, kapena kunyumba kwa nkhalamba ija ndi sizasi yanga yaikulu. Ndinkaopa kuti Loweruka lifika iwo asanasaine, n'kudzandiona moyo wawo wonse ngati mkazi amene anawadyera masiku omaliza. M'malo mwa zonsezo, m'mawa uliwonse ndinkakasiya khofi ndi sangweji pakhomo pa shopu yawo, kugogoda kamodzi, n'kuchoka. Lachiwiri ndinapeza kapu ya dzulo lake itatsukidwa n'kuikidwa panja. Ndinalira nayo kapuyo m'galimoto ngati chitsiru.

Lachitatu chitseko chinatseguka ndisanagogode. Anali osameta ndevu, maso ali psuu.

"Uli ndi anthu kusaluni lero?"

Ndinapukusa mutu. Anthu analipo, mzere wonse.

"Ndamuimbira Paige dzulo. Wati ndikapanda kupita kukasaina abwera adzandibereke." Anayesa kumwetulira. "Tiye undiperekeze. Uyendetse ndiwe, manja anga sakugwira."

Ulendo wonse sindinayatse ndi wailesi yomwe. Kuofesi Yolanda anatilandira atavala nsapato zake zomwe zija.

"Mayi Teague, zija ndinanena kulesitilanti zija..."

"Ndinamvapo zoposa pamenepo," anatero. "Zimene zinandipweteka ndi zoti tsitsi langa lili ngati la mbuzi yovumbwidwa."

"Mudzabwere kusaluni, tidzalikonza."

A Glenn analowa m'chipinda momwe munali loya wa boma. Pakhomo anatembenuka n'kundikodola. "Iwenso lowa. Unamva zimene ananena m'kakhonde muja."

"Mungabwereze mawu ake mmene anawanenera?" anandifunsa loyayo.

Ha! Kwa nthawi yoyamba chibadwire, munthu anandipempha mwaulemu kuti ndinene zimene ndinamva ndili kuseri kwa chitseko. Ndinanena zokhazo, osathira mchere. A Glenn analumbira n'kusaina, dzanja lawo lina litagwira langa pansi pa tebulo, mwamphamvu mpaka mphete inandiluma. Lachisanu khoti lisanatseke mlandu unalembedwa, ndipo apolisi awiri anakagogoda pakhomo pa Harlan Stroud. Kuchokera tsiku limenelo sindinamutchulenso kuti a Kochi.

7

Musaganize kuti tauni inatiombera m'manja. Theka la makasitomala anga linasamukira kwa mtsikana wina amene sadziwa ndi kugwira sizasi komwe. Kutchalitchi ena amasendera tikakhala pabenchi. Mayi wina anatiimitsa m'shopu n'kuti, "Nkhalamba yotha mano, bwanji osaisiya ife mumtendere? Anali kuti zaka zonsezi?" Ndinamuyankha mpaka anasiya ngolo yake ya katundu pomwepo, ndipo a Glenn sanandiletse. Dzina lija likadali pakhomo la holo kusukulu, akuti akudikira khoti. Pamene ndikulemba pano mlandu sunazengedwe, ndipo palibe watilonjeza kuti tidzapambana.

Koma ndikuuzeni za Loweruka lenileni lija. Tinalipo atatu, ine, a Glenn ndi Paige, ndi kakeke kogula, popanda baluni ngakhale imodzi. Masana munthu anagogoda. Anali a Duane, atavala malaya ositidwa, osanunkha mowa, Marcy ali kumbuyo kwawo maso atatupa. Anaima pakhomo akupotokola chipewa.

"Mphwanga," anatero kwa a Glenn, "ine chitseko changa chinatsekedwa zaka zitatu zapitazo. Ndinkati ndinena mawa, ndinena mawa, mpaka anabwera kudzandigwira pakhosi." Anandiyang'ana. "Keke ya phwando langa lija inali yokoma, mlamu. Unaphika ndiwe."

Ndinalakalaka nditalowa pansi.

"Ndamuimbira wapolisi uja. Akuti mlandu wanga sungatheke, koma mwina akandilola kuikira umboni pa wako. Akakana ndidzangokhala kumbuyo kwako. Alipo enanso awiri andiimbira."

A Glenn anapatuka pakhomo kuti alendo alowe, n'kukatenga mbale zina ziwiri. Ine ndi Marcy tinakaima kukhitchini, akazi awiri amene tadya miseche ya tauni yonse chiyambire kupulaimale, ndipo palibe anatsegula pakamwa.

Inu owerenga, makamaka anzanga olongolola, mundimve. Ena amati lamulo lija n'loyenera, akuti zaka zikachuluka mboni zimamwalira ndipo anthu amaiwala. Mwina n'zoona, ine ndimakonza tsitsi, sindine loya. Chimene ndikudziwa n'chakuti a Glenn sanaiwale ngakhale fungo la m'galimoto ya munthu uja, ndipo anachita kumera imvi kuti atchule chimene anawachita. Nthawi yonseyo amene ankadikira tsiku lawo lobadwa mwachimwemwe anali Stroud, kenako ine. Ena amanditama kuti bodza langa ndi limene linamukola. Musanditame. Ndinanama kuti phwando langa likome, ndipo ndinatsala pang'ono kuwatsekera ndekha amuna anga chitseko ndi nkhani ya mpope wodontha.

Ngati muli ndi munthu wofatsa m'nyumba mwanu, ndipo tsiku lina waima pakhomo la khitchini n'kunena kuti pali nkhani, siyani mazirawo apserere, khalani pansi.

A Glenn anabwerera kunyumba, ndipo ayambiranso kundilanda bulangete. Akaweruka n'kuvula nsapato, ndimakhala nawo patebulo n'kudikira. Masiku ena sanena kanthu. Dzulo anayankhula nthawi yaitali ndithu, za malemu bambo awo, mpaka tiyi wanga anazizira ndisanamwe. Ndinawadula mawu kawiri kokha.